Kapepala ka Mtengo Ngati Cholembedwa: Phunziro Lochokera kwa Ogulitsa Ziboliboli ndi Zinthu Zakale ku Balaka ndi Machinga

Mawu Oyamba

M'maphunziro a zolembalemba tinazolowera kusanthula ndakatulo, nthano, nkhani zazifupi ndi masewero. Komatu pali zolembedwa zina zomwe anthu amawerenga tsiku ndi tsiku osaganizako kuti nazo zili ndi mlembi: zikwangwani za m'misewu, mawu a kumbuyo kwa minibasi ndi timapepala tosonyeza mitengo ya katundu. M'chaka cha 1997 akatswiri awiri a ku Canada, Rodrigue Landry ndi Richard Bourhis, anasonyeza kuti zolembedwa za poyera ngati zimenezi zimaulula mphamvu zomwe chiyankhulo chilichonse chili nazo m'dera.

Nkhani ino ikuunika chimodzi mwa zolembedwa zazifupi zedi mwa zonsezi, ndicho kapepala ka mtengo komwe kamamangiriridwa pa ziboliboli ndi zinthu zakale. Zitsanzo ndazitenga m'maboma a Balaka ndi Machinga, kumene ndinakulira. Mfundo yanga ndi yakuti kapepala ka mtengo kamathandiza malonda pokhapokha wogulitsa atalembapo mawu omwe angathe kuwaikira umboni wogula akamufunsa.

Dera ndi Malonda Ake

Balaka linakhala boma palokha m'chaka cha 1998. Kale linali mbali ya boma la Machinga. Maboma awiriwa amakumana pa mtsinje wa Shire, ndipo powolokera podziwika ndi pa Liwonde, pomwe pali Kamuzu Barrage. Msewu wa M3 wochokera ku Blantyre kudzera ku Zomba umawoloka pamenepa n'kulowera kunyanja ku Mangochi, ndipo wochokera ku Lilongwe kudzera pa tauni ya Balaka umadzakumana nawo chapafupi pomwepo. Kufupi ndi tauni ya Liwonde kuli malo osungirako nyama zakutchire a Liwonde National Park, omwe bungwe la African Parks linayamba kuwayendetsa mu 2015. Choncho apaulendo ndi alendo odzaona malo sasowa m'dera limeneli.

Aliyense amene anadutsapo pakati pa Liwonde ndi Zomba amazidziwa zisakasa za m'mbali mwa msewu zomwe zimagulitsa mipando ya mafumu. Mipandoyi ndi ya matabwa awiri olowetsana, ndipo thabwa lotsamirapo limasemedwa zithunzi za nyama kapena za anthu ali pantchito za kumudzi. Pamakhalanso bawo, ndodo, mbale ndi timafano ta njovu ndi mvuu. Zonsezi ndi zatsopano. Koma apa ndi apo, m'zisakasa ndi m'misika, mumapezekanso zinthu zochokera m'nyumba za agogo athu: simbi ya makala, nyali ya galasi, makina osokera opukusa pamanja, mitondo yofooka ndi ntchito komanso ndalama zachitsulo za nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Zatsopano ndi zakale zikayalidwa pamphasa imodzi, wogula sangazisiyanitse ndi maso okha. Pamenepa ndi pomwe kapepala kamafunikira.

Kodi Kulemba Mtengo Sikupha Malonda?

Ogulitsa ambiri salemba mitengo, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Bambo wina wachikulire wosema mipando, nditawafunsa za nkhaniyi, anandiyankha kuti: "Mwana wanga, ine mtengo ndimauona pankhope pa wogula. Ndikaulemba, ndiye kuti ndadzimanga ndekha." Bambowa amanena za chizolowezi chathu chonenerera. Pamsika wathu mtengo umabadwa anthu awiri akamacheza, wina akutsitsa, wina akukweza, mpaka onse atagwirizana.

Ngakhale zili choncho, pali mfundo zomwe zikusonyeza kuti kapepala sikalanda malo a kunenerera. Poyamba, pali ogula ambiri amanyazi. Mphunzitsi wopita kunyanja ndi banja lake atha kuusirira mpando koma n'kuopa kufunsa, poganiza kuti akamva mtengo n'kulephera kugula achita manyazi pamaso pa ana ake. Munthu wotere amabwerera m'galimoto osayankhula kanthu, ndipo wogulitsa sadziwa n'komwe kuti malonda amudutsa. Kachiwiri, mwini chisakasa sakhalapo nthawi zonse. Akapita kumaliro kapena kumzikiti, amasiyira mwana kapena mnzake woyandikana naye, yemwe sadziwa mbiri ya katunduyo. Kachitatu, alendo ochokera kunja amabwera atamva kale kuti kuli "mtengo wa azungu", motero nambala iliyonse yotuluka pakamwa amayamba aikayikira. Nambala yolembedwa imawauza kuti aliyense akuyambira pamodzimodzi.

Palinso mfundo ya akatswiri a kaganizidwe ka munthu. Mu 1974 Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anasonyeza kuti nambala yoyamba imene munthu wamva imakoka maganizo ake akamayerekeza kuchuluka kwa chinthu. Pamalonda, izi zikutanthauza kuti amene watchula nambala yoyamba ndiye wakhoma chikhomo chomwe kunenerera konse kudzazungulirapo. Kapepala kamapatsa wogulitsa mwayi wokhoma chikhomocho wogula asanatsegule pakamwa.

Zomwe Kapepala Kayenera Kunena

M'buku lake lomwe linatuluka mu 1962, J. L. Austin anaphunzitsa kuti poyankhula munthu amakhala akuchita kanthu: akulonjeza, akulamula, akupepesa kapena akutcha dzina. Kapepala ka mtengo nako kamachita zinthu. Kamatcha chinthu dzina, kamachitira umboni za chinthucho ndiponso kamaitanira wogula kumalonda. Mu 1975 Paul Grice anafotokoza mfundo zinayi zomwe anthu ocheza amayembekezera kwa wina ndi mnzake: kunena zokwanira, kunena zoona, kunena zogwirizana ndi nkhani ndi kunena momveka. Ndikayesa kapepala ka mtengo pa mfundo zimenezi, ndikupeza kuti kayenera kuyankha mafunso asanu omwe wogula amakhala nawo m'mutu.

Funso loyamba ndi lakuti, ichi n'chiyani? Dzina likhale lenileni la chinthucho. Bawo lilembedwe kuti bawo, ndipo ngati malo alipo, tiwonjezere kuti lili ndi maenje 32 ndipo limaseweredwa ndi mbewu 64. Mlendo akadziwa zimenezi aona yekha ngati akugula masewero athunthu.

Funso lachiwiri ndi lakuti, chinapangidwa ndi chiyani? Mlombwa, mbawa ndi phingo ndi mitengo yosiyana kulemera, kulimba ndi mtengo wake wogulira.

Lachitatu ndi lakuti, n'cha liti ndipo chinachokera kuti? Lachinayi ndi lakuti, chili bwanji? Ngati pali mng'alu, dzimbiri kapena pofumbwa, kapepala kanene. Akuluakulu anati malonda ndi m'maso, ndipo wogula adzauona ndithu mng'aluwo. Akauona yekha amayamba kukayikira zonse zolembedwa, koma akaupeza pamalo pomwe kapepala kananena, amakhulupiriranso mawu ena onse.

Funso lomaliza ndiye la ndalama. Nalo lili ndi mbali ziwiri: ndi zingati, ndipo kodi n'kotheka kunenerera? Mawu awiri okha, "tikhoza kukambirana" kapena "mtengo womaliza", amachotsa chikayiko chimenechi.

Mawu otamanda monga "chokongola zedi" kapena "chosowa" sayankha funso lililonse mwa asanuwa. Kukongola wogula akukuona yekha, ndipo kusowa kwa chinthu wogulitsa sangakuikire umboni pomwe chisakasa choyandikana nacho chili ndi chinzake.

Mawu Ovuta Oyamba: "Mtengo"

Wolemba kapepala m'Chichewa amakumana ndi vuto lomwe wolemba m'Chingerezi alibe. Mawu akuti "mtengo" ali ndi matanthauzo awiri, ndipo onse awiri amafunika pa chiboliboli. Poyankhula timawasiyanitsa ndi kamvekedwe. Tikamanena za chomera, liwu limakwera pa phatikizo la "te". Tikamanena za ndalama, maphatikizo onse amatsika. Koma malamulo a kalembedwe ka Chichewa, omwe bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990, salemba zizindikiro za kukwera ndi kutsika kwa liwu. Papepala mawu awiriwa amafanana ndendende.

Taganizirani kapepala kolembedwa kuti "mtengo wabwino". Kodi kakutamanda thabwa kapena kakunena kuti katunduyo ndi wotchipa? Nanga "mtengo wakale"? Wina amva kuti thabwalo ndi lokhalitsa, wina amva kuti wogulitsa sanakweze mtengo. Njira yopewera chisokonezochi ndi kusagwiritsa ntchito mawuwa ponena za thabwa. Tingolemba kuti "wosema ku mlombwa" kapena "thabwa la mbawa". Ku mbali ya ndalama, chilembo cha K ndi nambala n'zokwanira.

Pa nkhani ya thabwa pomwepa ndi pomwe mfundo ya kunena zoona imayesedwa kwambiri. Alendo ambiri amafuna phingo, mtengo wakuda wolemera womwe ku Ulaya amapangira zitoliro za oimba. Si chinsinsi kuti ziboliboli zina zakuda zimasemedwa ku mitengo wamba n'kupakidwa polishi wa nsapato. Kupaka polishi si mlandu. Mlandu umayamba pomwe kapepala kalembedwa kuti "phingo" kapena "ebony". Wodziwa mitengo amachinyamula chiboliboli n'kumva kupepuka kwake, kapena amachitembenuza n'kuona kunsi koyera. Kapepala kolembedwa kuti "chopaka polishi wakuda" kamateteza wogulitsa kwa munthu wotereyu, komanso kamapangitsa kuti phingo weniweni woyalidwa pafupi agulidwe pamtengo womuyenera.

Mawu Ovuta Achiwiri: "Chakale"

Mawu akuti "kale" ndi otambasuka kwambiri m'Chichewa. Timati "ndadya kale" tikunena za m'mawa womwe uno, ndipo timayamba nthano ndi "kalekale" tikunena za nthawi yomwe palibe anaiona. Chinthu "chakale" chitha kukhala cha zaka zisanu kapena cha zaka zana. Chitha kumvekanso ngati chakutha, chofunika kutaya. Tili ndi mawu akuti "chamakedzana", omwe amapereka ulemu, koma nawonso satchula zaka.

M'Chingerezi cha amalonda zinthu ndi zosiyana. Mawu akuti "antique" amawasungira chinthu chomwe chakwanitsa zaka 100. Motero kumasulira "chakale" kuti "antique" n'kusandutsa mawu oona kukhala bodza. Titenge chitsanzo cha kobiri lobooka pakati, lokhala ndi chithunzi cha njovu ziwiri, lomwe linkagwira ntchito m'nthawi ya Chitaganya cha 1953 mpaka 1963. Kobiri la 1957 ndi lakale ndithu, koma silinakwanitse zaka 100. Wogulitsa akalemba "antique", katswiri amuona ngati wabodza kapena wosadziwa malonda ake.

Mankhwala a vutoli ndi nambala. Pomwe chaka chikudziwika, chilembedwe chakacho m'malo mwa mawu ofotokoza. Ndalama zachitsulo zimanena zokha chaka chake. Sheleni ya Malawi ya 1964 ili ndi nkhope ya Dr. H. Kamuzu Banda mbali imodzi ndi chimanga mbali inayo, ndipo kapepala katha kuwonjezera kuti ndi ya nthawi yomwe kwacha isanabwere, pakuti kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni mu 1971. Makina a Singer ali ndi nambala yodindidwa pachitsulo, yomwe odziwa amapezera chaka chomwe anapangidwa. Fakitale ya kampaniyi ya ku Clydebank, ku Scotland, inatsekedwa mu 1980, choncho makina opangidwa kumeneko sangakhale a pambuyo pa chaka chimenecho. Kukopera nambalayo pakapepala kumathandiza wogula kuposa kulemba kuti "akale kwambiri".

Pomwe chaka sichikudziwika, Chichewa chili ndi njira yabwino yosonyezera gwero la zomwe tikunena. Titha kulemba kuti "mwini wake akuti unali wa agogo awo a ku Ulongwe". Mawu akuti "akuti" amauza wowerenga kuti uwu ndi umboni wongomva. Wogulitsa wapereka mbiri yomwe ali nayo popanda kulumbira pa zomwe sanaone. Ndipo chinthu chatsopano chilembedwe kuti ndi chatsopano. Ena amafukiza ziboliboli ndi utsi kapena kuzikwirira m'dothi kuti zioneke zokhalitsa. Potero amabisa chinthu chomwe chikanawagulitsira malonda, ndicho dzina la mmisiri wamoyo ndi mudzi wake, zomwe alendo ambiri amakondwa kuzidziwa.

Kalembedwe ka Nambala ndi Kapepala Komwe

Mfundo ya kunena momveka imakhudzanso dzanja la wolemba. Kusiyana kwa K2,500 ndi K25,000 ndi ziro mmodzi yekha, ndipo mkangano wa pamsika utha kubuka chifukwa cha ziro wofufutika. Nambala ikhale yaikulu kuposa mawu ena onse, mpumiro ukhale pamalo pake, ndipo 1 asafanane ndi 7. Ubwino wa manambala ndi wakuti Mchewa, Myao ndi mlendo wa ku Germany amawawerenga mofanana.

Mitengo imasinthanso msanga. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wogulitsa akafufuta nambala yaing'ono n'kulemba yaikulu pamwamba pake, wogula amawerenga zonse ziwiri ndipo amanenerera kuchokera pa yakale ija. N'chifukwa chake ndi bwino kukhala ndi timapepala tiwiri pa ulusi umodzi: kena kofotokoza chinthucho, komwe sikasintha, ndi kena kakang'ono ka nambala, komwe kangachotsedwe.

Kapepala kadulidwe ku katoni yolimba n'kumangiriridwa ndi ulusi. Selotepu ndi guluu zimasiya chipsera pa thabwa lopukutidwa bwino. Ndalama zachitsulo ziikidwe m'kapulasitiki pamodzi ndi kapepala kake, ndipo zisakwechedwe ndi mchenga kapena phulusa, chifukwa osonkhanitsa ndalama zakale amakana zokalika. Dzuwa la ku Balaka ndi Liwonde ndi loopsa moti inki imazilala msanga, ndipo nthawi ya dzinja katoni imanyowa. Kapepala kozilala kamauza wogula kuti katunduyo wakhalitsa osagulidwa, motero kamafunika kulembanso.

Chiyankhulo Chiti?

Timapepala tochepa tomwe ndinationa m'zisakasa tinali ta Chingerezi chokha. Izi zikugwirizana ndi maganizo a Landry ndi Bourhis aja: chiyankhulo cholembedwa poyera chimasonyeza yemwe akuyembekezeredwa pamalopo. Kapepala ka Chingerezi chokha kamauza Mmalawi kuti katunduyu si wake. Komatu m'misewu imeneyi mumadutsanso Amalawi ambiri opita kunyanja, kumisonkhano ndi kumaukwati, ndipo mpando wa mfumu ndi mphatso yabwino ya paukwati. Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo ku Machinga anthu ambiri amayankhula Chiyao. Ine ndikuona kuti kapepala kabwino kalembedwe mbali zonse ziwiri, kutsogolo Chichewa, kumbuyo Chingerezi. Dzina la chinthucho lisamasuliridwe mbali zonsezo. Bawo likhale bawo, chipande chikhale chipande, ndipo pomwe mmisiri ali ndi dzina la Chiyao la chinthucho, nalonso lilembedwe. Mlendo amapita kwawo ndi chinthu pamodzi ndi dzina lake.

Zinthu Zosayenera Kuikidwa Mtengo

Pali katundu wina yemwe kapepala, ngakhale kalembedwe mwaluso chotani, sikangamuyeretse. Malonda a minyanga ya njovu pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 pansi pa pangano la CITES, ndipo lamulo la Malawi loteteza nyama zakutchire, litakonzedwa mu 2017, linaika chilango chofika zaka 30 za kundende pa milandu ikuluikulu. Kulemba kuti chibangili cha mnyanga "n'chakale" sikupulumutsa wogulitsa kapena wogula. Lamulo la Monuments and Relics Act nalo limateteza zinthu za mbiri ya dziko, ndipo zotere sizituluka m'Malawi popanda chilolezo cha boma.

Zigoba za Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, zimafuna kusamala kwapadera. Wogulitsa akalemba kuti chigoba "chinavinidwapo kudambwe", pali zinthu ziwiri: mwina akunama, mwina akuulula kuti akugulitsa chinthu chomwe eni mwambo sakanalola kuti chifike pamsewu. Mawu oyenera ndi akuti "chosemedwa kuti chigulitsidwe".

Zitsanzo

Nazi zitsanzo zitatu za timapepala totsata mfundo zomwe zafotokozedwazi. Manambala a ndalama ndi ongoyerekeza.

Mpando wa mfumu. Thabwa la mlombwa. Watsopano, wosemedwa konkuno ku Machinga. Umapasuka pawiri ponyamula. K60,000. Tikhoza kukambirana.

Kobiri la Rhodesia ndi Nyasaland, 1957. Lobooka pakati, la njovu ziwiri. Silinakwechedwe. K3,000. Mtengo womaliza.

Simbi ya makala. Mwini wake akuti inali ya amayi awo a ku Balaka. Chogwirira ndi chatsopano, kunsi kuli dzimbiri pang'ono. K15,000. Tikhoza kukambirana.

Palibe kapepala mwa itatuyi komwe kapitirira mawu 25, ndipo mzere uliwonse wogula atha kuutsimikiza ndi maso, ndi dzanja kapena pofunsa.

Mawu Omaliza

Nkhani ino yasonyeza kuti kapepala ka mtengo ndi cholembedwa chomwe chili ndi mlembi, owerenga ndi malamulo ake. Yasonyezanso kuti mawu awiri a Chichewa, "mtengo" ndi "chakale", amafuna kusamala akamalembedwa, oyamba chifukwa kalembedwe kathu sikasonyeza kamvekedwe, achiwiri chifukwa satchula zaka ndipo amasanduka bodza akamasuliridwa mosasamala. Wogulitsa wa m'mbali mwa msewu amaonana ndi wogula kamodzi kokha, mwina kwa mphindi khumi, koma mbiri ya msika wonse imatsalira m'kamwa mwa wogulayo. Mmodzi akanamiza mlendo za phingo, anzake onse a m'zisakasa zoyandikana amalipira nawo, pakuti wonamizidwayo amakachenjeza ena.

Kwa ife ophunzira chiyankhulo pali ntchito yomwe yatsala. Pakufunika kusonkhanitsa mayina a zida zakale m'Chichewa ndi m'Chiyao akuluakulu owadziwa akadali moyo, komanso kuthandiza amisiri kupeza mawu achidule ofotokozera ntchito ya manja awo m'ziyankhulo zomwe ogula awo amawerenga.